Matabwa a Ngalawa ndi Bokosi la a Mbewe

1993

Ana anga, za ubwana wanga kwa Kaphuka sindilemba, chifukwa n'zofanana ndi za aliyense amene anakulira m'mizere ya mbatatesi. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, imene mukandifunsa ndimasintha nkhani. Ndimasintha dala. Ndikaikumbukira mtima umandipsa mpaka lero, ndipo sindinafune kuti mundione nditakwiya tili pa chakudya.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Bambo mfumu a ku parishi kwathu ataona kuti ndimakonza mabenchi a m'tchalitchi popanda wondituma, ananditumiza kwa mzungu wina amene anachita lendi famu yakale m'mapiri, kumtunda kwa Linthipe. Chinali chaka cha riferendamu. Anzanga ankayenda m'misewu akuimba za ufulu, ine ndinkayenda maso ali pansi, nditavala malaya obwereka kwa amalume, ndikubwereza mumtima mmene ndikaperekere moni. Nthawi imeneyo munthu akandikalipira ndinkathokoza.

Dzina la mzunguyo linkatipinda lilime, choncho antchito ankamutcha Namondwe. Anali wamtali, ndevu zoyera, ndipo dzanja lamanzere linalibe zala ziwiri. Lufeyo, wophika wake, ndiye anandionetsa zithunzi za pakhoma n'kundifotokozera za munthuyu. Akuti ali mnyamata anawoloka nyanja yamchere ali yekha m'kaboti kopalasa, akudya nsomba zosaphika ndi kumwa madzi a mvula. Ulendo wina anapita kunyanja za kummwera kumene madzi amaundana, ndipo zala zija zinathera kumeneko. Ulendo winanso mnzake anafera m'manja mwake mtunda usakuoneka mbali iliyonse. Kwawo ankatuluka m'manyuzipepala, ndipo ana a sukulu ankamudziwa. Tsopano ankafuna ulendo womaliza: kukhoma ngalawa ya matabwa okhaokha ngati za makedzana, kuinyamula pa lole mpaka kugombe la Mozambiki, popeza nkhondo kumeneko inali itatha, n'kuwoloka nayo mpaka ku India. Anasankha Dedza chifukwa kunyanja malungo anatsala pang'ono kumupha, komanso mphepo ya kuno imaumitsa matabwa mosang'ambika.

"Ngalawa paphiri," anatero Lufeyo. "Aise, ukafika kwanu ukauze amako kuti wapeza ntchito kwa Nowa."

Mkulu wa amisiri anali a Gelevaziyo Mbewe, bambo wa msinkhu wa atate anga, wochokera m'mudzi wa kuseri kwa famuyo. Nyanja anali asanaionepo. Namondwe ankajambula pa pepala, a Mbewe n'kuyang'ana, n'kukasema mtengo mpaka ufanane ndi chojambulacho. Tsiku loyamba anandipatsa thabwa ndi puleni. Nditapala anayendetsa chikhatho pamenepo, maso atatseka. "Dzanja ulinalo, Damiyano," anatero, "koma ukupala ngati ukupepesa. Thabwa silipepesedwa." Zonse zimene ndadyetsera inu moyo wanga wonse ndinaziphunzira kwa bambo amenewa.

1994

Chigafa chimene kale ankaumitsiramo fodya ndicho chinali malo athu antchito. M'katimo ngalawa inayamba kuoneka ngati nthiti za ng'ombe yaikulu. Matabwa anali a mbawa, ochokera kutali kumunsi kwa mapiri, ndipo Namondwe anawasanja pa mthunzi kuti aume pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse ankawayendera, kuwagogoda, kuwanunkhiza. Ife sankatifunsa ngakhale mmene tadzukira. Kuti thabwa lipindike motsatira nthiti, tinkaliphika m'nthunzi ya madzi owira mu mgolo, n'kuthamanga nalo likadali lotentha. Manja a a Mbewe anali zipsera zokhazokha.

Famu yonse ankaiyendetsa ngati sitima. Panali belu loyambira, belu la tiyi, belu lowerukira, ndipo m'miyezi ya chisanu belu loyamba linkalira udzu ukadali woyera. Zimenezo tinkapirira. Chimene chinkatiwawa chinali lamulo la maliro. Inu simukudziwa mmene zaka zimenezo zinalili: sabata sinkatha osamva kulira mbali ina ya phiri. Koma Namondwe ankati panyanja munthu sasiya chingwe chifukwa mnzake wafa. Wopita ku maliro ankaloledwa akakhala a m'nyumba mwake okha. Tangoganizani, munthu wamkulu ngati a Mbewe kumva nyimbo za maliro a mnansi wawo iwo ali ndi sowo m'manja. Ndiponso ankawaitana kuti "iwe", ngati mwana woweta mbuzi. Poyamba ndinkati n'kusadziwa Chichewa. Koma kukabwera bwana wa ku boma, mzungu yemweyo ankadziwa kunena kuti "inu".

Kwacha itagwa, misomali ya mkuwa yochokera kunja inasiya kufika, ndipo guluu anasowa. A Mbewe anayamba kusema zikhomo za mtengo, ntchito n'kumapitabe. M'miyezi yomweyo kunabwera alendo a makamera. Anatiuza tiime kunja kwa chigafa. Ndinasuzumira pa mpata ndipo ndinaona Namondwe atagwira kasemasema wa a Mbewe, atawerama pa nthiti imene a Mbewe anaisema dzulo lake, akudikira kuti amujambule. A Mbewe anakhala pa chitsa akutsokomola, akupichira fodya. "Musiyeni," anatero. "Chithunzi sichiyandama."

Ndinene zoona za ine ndi Namondwe. Ankandikonda monga mmene munthu amakondera chida chosavuta. Ndinkafika belu lisanalire, ndinkasesa zipalo, sindinkayankha. Tsiku lina anandiitana pakhonde, n'kutambasula mapu aakulu, n'kundilozera buluu amene analibe malire. Anati akufuna mmisiri wachinyamata woti akakhale m'ngalawamo, wokonza pakathyoka, ndipo wasankha ine. Anandiuza za nsomba zouluka ndi za mafunde otalika kuposa tchalitchi chathu. Pokamba zimenezi nkhope yake inkasintha, inkakhala ya munthu. Ine amene ndinali ndisanapitirire Lilongwe, ndinavomera pomwepo.

"Iwe kunyanja?" anaseka Lufeyo. "Pa mlatho wa Linthipe pomwepa umatseka maso. Udzasanza mpaka matumbo."

A Mbewe sanaseke. Anati, "Pita, mwana wanga. Ukaione m'malo mwanga ngati ikuyandama."

1995

Chifuwa cha a Mbewe chinakula ndi chisanu cha chaka chimenecho. Anaonda mpaka lamba anasowa bowo. Ndinamva ndi makutu anga akupempha kuti apite ku chipatala, ndipo Namondwe anatsegula bokosi lake la mankhwala a pa ulendo, n'kuwapatsa mapilitsi, akuti mbali ya kumanzere ya ngalawa ikatha adzawatengera yekha pa galimoto. Mbali ya kumanzere sinathe. Matabwa ake omaliza a Mbewe anawapala atakhala pansi chifukwa kuima kunkawakanika, n'kuwatsamiritsa kukhoma kuti tidzawakhome Lolemba. Lolemba m'mawa, belu litangolira, kunafika uthenga woti atisiya.

Inu mukudziwa mwambo wake: munthu akamwalira ali pa ntchito, bokosi limachokera kuntchito. Sipafunika kupempha. Ine ndi Lufeyo tinapita pakhonde kukanena. Namondwe atamva, maso ake anafiira. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chinsalu chokhuthala, choyera mothimbirira, chopindidwa bwino. Anati ndi chidutswa cha thanga la ngalawa yake yakale. Theka linalo ndi limene anakulungiramo mnzake uja asanamutsitsire m'madzi. Anali atachisunga kuti adzakulungidwemo iye mwini. "Ulemu woposa uwu ndilibe," anatero. "Anthu a panyanja timapita chonchi. Mbewe anali wa panyanja, ngakhale sanaione."

Sankanyoza. Ichi ndiye chimandipsetsa mtima kwambiri. Anakhala pakati pathu zaka, akudya mbatatesi zathu, akumva kulira kwathu kuseri kwa mpanda, koma sanafunsepo tsiku limodzi kuti ife timaika bwanji anthu athu. Ankadziwa mayina a mphepo za nyanja zonse za pa dziko, koma mudzi umene unali pansi pa mphuno yake sankaudziwa. Ndipo ine, pozolowera kuthokoza, ndinalandira chinsalucho ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo bwana.

Titafika pa siwa, amayi anali m'nyumba ndi thupi, abambo atakhala panja pansi pa mitengo ya mapichesi. Adzukulu, anthu okumba manda ndi kukonza zonse za maliro, anatiyang'ana kumbuyo kwathu ngati kukubwera ngolo. Mkulu wawo anafunsa, "Nanga bokosi likubwera pa galimoto?" Ndinatambasula chinsalucho n'kufotokoza motsitsa mawu zimene mzungu ananena. Kenako a Nachisale, akazi a malemu, anatulukira pa khomo atagwiriridwa ndi amayi awiri. Anagwira nsaluyo ndi zala ziwiri.

"Damiyano, mwana wanga, amuna anga ndi fodya kodi, kuti muwamange m'chiguduli?"

"Ayi mayi. Akuti ndi ulemu wa kwawo."

"Wa kwawo. Nanga afera kwawo? Ana onse amene taika kumsitu uko agona m'mabokosi a manja a bambo awa. Ena anawakhomera ulere. Lero mmisiri apite ngati mtolo?"

Mkulu wa adzukulu ananditengera pambali. Anati m'mawa, posadziwa ngati mzungu apereka bokosi, anatumiza njinga ku Linthipe, koma okhoma mabokosi analibe ngakhale thabwa limodzi, chifukwa nkhalango ya paini inapsa ndipo ocheka anasiya ntchito. Ndinati nanga chitseko cha nyumba, monga tinkachitira zikavuta? Anandilozera. Pa khomo la mmisiri wamkulu wa dera lonselo panali chitseko cha mapesi. Cha matabwa anachizula okha m'dzinja n'kukhomera bokosi, pamene mwana wawo wamwamuna anamwalira.

Ndinabwerera ku famu dzuwa lili paliwombo, Lufeyo akunditsata. Namondwe tinamupeza m'chigafa. Ndinaika chinsalu chija pa benchi ndipo ndinapempha, maso ali pansi, matabwa amene anatsamira kukhoma aja.

"Ayi," anatero. "Pempha china chilichonse. Amenewa ndawadikira zaka kuti aume, ndipo otalika chonchi sindingawapezenso. Wakufa samva kuzizira, Damiyano. Koma pa matabwa awa padzaponda anthu amoyo pakati pa nyanja, ndipo mmodzi wa iwo ndiwe."

"Bwana, anawapala ndi iwowo."

"Anawapalira ngalawa. Iye akanamvetsa."

"Akazi awo sakumvetsa, bwana."

"Ndiye kawafotokozere bwino. Umatha kulankhula ndi anthu ako."

Anthu ako. Ndinakumbukira zipsera za m'manja mwa a Mbewe, ndi mapilitsi aja, ndi maliro onse amene tinawamvera patali. Ndinaganizanso za mapu abuluu aja, sindikubisa. Ndinkafuna kupita. Panalibe mnyamata wa kwa Kaphuka amene anapatsidwapo mwayi wotere, ndipo ndinkadziwa kuti sudzabweranso. Komanso amayi anu ndinali nditangowafunsira, ndipo ntchito zinali zosowa ngati mvula ya chaka chimenecho. Koma ndinadzifunsa kuti ndikaima bwanji pa matabwa amenewo, mphunzitsi wanga atapita m'chinsalu.

Ndinapita kukhoma n'kugwira thabwa loyamba.

"Ukalitulutsa pa khomo ili," anatero Namondwe, "nyanja sudzaiona, ndipo mawa usabwere."

Ndinaika thabwa paphewa. Mbawa ndi yolemera, ndipo kumbuyo kunkakhukhuluza pansi. Kenako kunapepuka. Lufeyo anali atavula epuloni yake n'kunyamula mbali inayo. "Tiye, aise," anatero. "Bwana, nyemba zili pamoto, muzivundula zingapserere." Namondwe anaima pakati pa khomo. Ife sitinaime, ndipo nsonga ya thabwa itatsala pang'ono kumugunda pachifuwa, anapatuka. Tinabwereranso mpaka matabwa anakwana. Ulendo womaliza ndinatenga bokosi la zida za a Mbewe, popeza zinali zawo. Namondwe anangokhala pa benchi, chinsalu chili pa maondo.

Mkulu wa adzukulu analowa m'nyumba ndi bango, n'kuyeza thupi, n'kudula bangolo pa msinkhu wake. Bango lomwelo linapita ku manda kukayezera dzenje, kenako linabwera kwa ine. Ndinaliika pa thabwa lalitali kuposa onse, losalala ngati galasi, ndipo dzanja linakana kaye. Ndinali ndisanadulepo mbawa popanda a Mbewe kuima pambali panga. Ndinadula. Misomali tinazula ku khola n'kuiwongola pa mwala, ndipo pamene inapelewera ndinasema zikhomo monga anandiphunzitsira. Amayi ankaimba m'nyumba, ine ndikupala panja. Nditamaliza, a Nachisale anabwera n'kuyang'ana m'kati. Sanathokoze. Anangoti, "Muikemo bulangete lawo, kunja kuno kukuzizira."

Mawa lake, titatuluka m'tchalitchi, tinapeza galimoto ya Namondwe itaima pa njira ya ku manda. Anali atavala jekete yakuda ya mabatani owala. Adzukulu, amene pa maliro amaloledwa kunyoza aliyense, sanamusiye. "Onani, kwabwera Nowa. Mwasiya nyama ndi ndani, agogo?" Wina anati, "Gwirani apa mumve kulemera kwa ngalawa yanu. Tathyoka nayo misana." Anthu ena anaseka mobisa. Ine mumtima ndinati mwina wabwera kudzapepesa, ndipo akanatero ndikanamukhululukira pomwepo, chifukwa ndimo ndinalili.

Bokosi litaikidwa pambali pa dzenje, anayandikira. Anawerama n'kuyendetsa dzanja lake la zala zitatu pa chivundikiro, n'kugogoda monga ankachitira m'mawa uliwonse. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena mawu amene anthu a pafupi onse anamva.

"Wadula lalitali. Ukanatenga afupiafupi n'kulumikiza. Waliwononga."

Pamaso pa mkazi wamasiye, pamaso pa dzenje lotseguka, munthuyo ankalira thabwa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito ndinamuyang'ana m'maso.

"Sindinayeze ngalawa, bwana. Ndinayeza mwini wake."

Mkulu wa adzukulu anamukankha pang'ono ndi mpini wa khasu kuti apatuke, ndipo tinatsitsa a Mbewe.

1996

Ndinakhala miyezi yambiri ndikulima mbatatesi ndi kukonza mipando ya anthu, ndipo ukwati wathu unachedwa ndi chaka. Lufeyo anayamba kukazinga tchipisi pa msika. Kenako mmisiri wina wa pa Linthipe ananditenga, ndipo kumeneko ndi kumene ndinachokera popita kukagwira ntchito yokonza madesiki a sukulu, imene ndapumira. Namondwe sanandiitanire apolisi, ndipo anthu ena amati ndimuthokoze pa chimenecho. Sindimuthokoza. Ndinamva kuti ku India anafika, ndi mmisiri wina wa kugombe, ndipo anatulukanso m'manyuzipepala a kwawo. Amene anaona zithunzizo anandiuza kuti dzina la a Mbewe munalibe.

Ngalawayo ndinaiona kamodzi kokha itatha. Kunali kummawa, tili pa ntchito, pamene tinamva anthu akukuwa mumsewu waukulu. Lole yaitali inkayenda pang'onopang'ono kulowera ku Dedza, ngalawa itamangidwa pamwamba ndi zingwe. Amayi ogulitsa tomato anasiya mabeseni, ana ankathamangira m'mbali, ndipo Namondwe anatulutsa dzanja pa windo akubayibitsa. Inali yokongola, ana anga, kuposa chinthu chilichonse chimene ndinachigwirapo. Nthiti iliyonse ndinkaidziwa. Mbali ya kumanzere, chapansi, matabwa anali a mtundu wina, otuwa, olumikizalumikiza.

Abwana anga atsopano anandigunda ndi chigongono. "Si mzungu wako uja? Mubayibitse."

Manja anga anali ndi puleni. Ndinabwerera m'kati, chifukwa panali bokosi la mwana limene eni ake ankalidikira pa khomo.